Za Mpweya wa Hayidirojeni ndi Dzenje la Ndowe kwa Kuntumanji

Msodzi aliyense wa kwa Mfumu Yaikulu Kuntumanji amene anakankhapo bwato ndi nsungwi pakati pa njedza za m'mphepete mwa Nyanja ya Chilwa adziwa kuti nsungwi ikamira m'matope, pamwamba pa madzi pamabwera tithovu tambirimbiri, ngati mphika umene wayamba kuwira. Anthu a kunyanja sazizwa nato tithovuto, pakuti akhala akutiona chibadwire. Koma ndi ochepa amene adziwa kuti m'kati mwake muli mpweya woyaka. M'chaka cha 1776 munthu wina wophunzira wa ku Italy, dzina lake Alessandro Volta, anavundula matope a m'mabango a nyanja ya Maggiore, natapa mpweyawo m'botolo, nauyatsa, ndipo unayakadi. Mpweya umenewo lero utchedwa metheni, ndipo eni ake oupanga ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene tidya zomera zakufa pansi pa madzi, pamene mphepo sifika.

Masiku ano dzina la mpweya wina lamveka kwambiri m'misonkhano ya zamphamvu ndi m'manyuzipepala a maiko akunja. Mpweyawo ndi hayidirojeni, umene ukayaka susiya utsi kapena mwaye, koma madzi okha. Mwa njira zoupangira zimene akatswiri akuzifufuza, ina ndi yakuti tizilombo tonga ta m'matope tija tiwoletse zinyalala m'thanki yotseka, anthu nkumatapa mpweyawo. Nkhani yotere ikafika m'dera longa la Kuntumanji, kumene matope, zomera za m'madzi ndi zotsala za mpunga sizisowa, mtima uthamanga. Tsono popeza aphunzitsi ndiwo adzafunsidwa ndi ana a sukulu, ndipo ogwira ntchito m'Boma ndiwo alemba mapulani a chitukuko, nkoyenera kuti nkhaniyi iunikidwe modekha. Hayidirojeni wochokera ku tizilombo si nthano ayi; alipodi, ndipo sukulu zaukachenjede zichita bwino kumufufuza. Koma ndalama za anthu ndi thukuta la mudzi ziyenera kuyamba zapita ku dzenje la bayogasi, limene ndi mkulu wake wa ntchito imeneyi, ndipo laoneka kale kuti liphikitsa nsima.

Choyamba kuyenera kudziwika chimene chikusowa kunyanjako. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'Malawi, 77 ankaphikira nkhuni ndipo 18 makala. M'midzi ya m'chigwa cha Chilwa nkhuni zili ndi ntchito inanso pamwamba pa kuphika, ndiyo kuwamba nsomba. Matemba ayanikidwa padzuwa, koma mlamba ndi makumba zifuna moto kuti zikafike ku misika ya Zomba ndi Limbe zisanawonongeke. Chigwacho chilibe nkhalango, kotero nkhuni zitsika pa njinga kuchokera ku mapiri a Zomba, Malosa ndi Chikala. Phiri likavulidwa, mvula ikokolola dothi, mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Thondwe nkulinyamula kukalitula m'nyanja imene ilibe potulukira madzi, imenenso kuya kwake m'malo ambiri sikupitirira mamita awiri kapena atatu. Nyanjayi inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa nthaka yong'aluka pa doko la Kachulu. Gwero lalikulu la kuphwako ndi kuchepa kwa mvula, zimenezo nzosakanika. Koma mbale imene theka lake ladzala matope sichedwa kuuma. Chomwecho mtengo wodulidwa pa Malosa kuti ukawambe mlamba wa lero uchepetsa madzi amene mlamba wa mawa akanakuliramo.

Boma silinagone pa nkhaniyi. Mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya zaka khumi yochepetsa kudalira makala; mu 2018 linatulutsa mfundo zatsopano za zamphamvu; mu 2020 zilango za m'lamulo la nkhalango zinakhwimitsidwa; ndipo masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anena za dziko lodzidalira ndi losamala chilengedwe. Zonsezi nzoyamikika. Koma lamulo lingathe kulanda njinga ya makala pa msewu, silingathe kupsetsa nyemba. Mayi wa kwa Kuntumanji ayenera kupeza china choika pansi pa mphika. Magetsi a ESCOM afika m'misika ndi m'nyumba zowerengeka, ndipo namondwe wa Ana, amene anagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 nachotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, anaonetsa kuti kudalira mtsinje wa Shire wokha ndi kuyenda ndi mwendo umodzi. Gasi wa m'masilinda, parafini ndi petulo zigulidwa kunja ndi ndalama zakunja, zimene kusowa kwake akudziwa aliyense amene anagonapo pa mzere wa mafuta. Nchifukwa chake mphamvu iliyonse imene ingapangidwe pakhomo, ndi zinthu za pakhomo pomwepo, iyenera kutcheredwa khutu.

Kugwiritsa ntchito tizilombo si chachilendo m'dziko muno. Mayi wofulula thobwa kapena mowa wa masese, akathira chimera m'phala nasiya mbiya kuti igone, akuweta tizilombo ngakhale sanationepo. Thovu ndi kusasa kwake ndiyo ntchito ya tizilomboto. Ntchito yomweyo inalowa kale m'fakitale: kuyambira 1982 ku Dwangwa, ndi 2004 ku Chikwawa, molasesi wotsala popanga shuga asasitsidwa ndi yisiti nkutchezedwa kukhala ethanolo, amene asakanizidwa ndi petulo. Galimoto ya Boma yopita kukayendera sukulu za kwa Kuntumanji, ngati ndi ya petulo, mbali ina ya ulendo wake iyendera thukuta la tizilombo, ngakhale dalaivala sadziwa.

Zimene zichitika m'matope a Chilwa, m'mimba mwa ng'ombe ndi m'dzenje la bayogasi ndi chinthu chimodzi, ndipo chiyenda ngati chakudya cha pa mwambo waukulu, pamene anthu akhala pa mphasa m'magulumagulu. Gulu loyamba la mabakiteriya liphwanya masamba, ndowe kapena matumbo a nsomba, kuzisandutsa shuga ndi zina zosungunuka. Gulu lachiwiri lidya shugayo nkutulutsa madzi owawasa onga viniga, pamodzi ndi mipweya iwiri: kaboni dayokisaidi, womwe munthu atulutsa popuma, ndi hayidirojeni. Koma hayidirojeniyo sakhalitsa, pakuti pali gulu lomaliza limene lidikira pambali. Ilo limeza hayidirojeni ndi zowawasazo nthawi yomweyo, nkupanga metheni. Ndiye kuti hayidirojeni akupangidwa lero lomwe pansi pa njedza za kwa Kuntumanji, koma adyedwa asanafike pamwamba. Mwa oyamba kuunika chinsinsi chimenechi munali mayi wina wa sayansi wa ku Cambridge, Marjory Stephenson, ndi mnzake Leonard Stickland, amene mu 1931 anafotokoza za mphamvu imene mabakiteriya ali nayo yogwirira hayidirojeni, atafufuza matope a mtsinje umene fakitale ya shuga inkatayiramo zonyansa zake.

Tsono wofuna hayidirojeni ntchito yake ndi kuthamangitsa gulu lomaliza lija pa mphasa. Njira yodziwika ndi kuyamba waphika matope kapena ndowe zoyambitsira ntchitoyo mpaka zitawira; opanga metheni amafa, koma mabakiteriya a mtundu wa Clostridium amadzitsekera m'tizikhokho tolimba, napulumuka, nadzuka pamene kwazizira. Pambuyo pake thanki iyenera kukhala yowawasa pa muyezo wake, osapitirira kapena kuperewera. Chakudya chisagonemo masiku ambiri. Mpweya uzichotsedwa msanga, chifukwa ukachuluka tizilombo timaleka kuupanga. Munthu akatayirira pang'ono, opanga metheni abwerera ngati namsongole m'munda wosapalira. Njirayi itchedwa kuwoletsa kwa mumdima, popeza sifuna kuwala, ndipo zokolola zake nzochepa. Akatswiri awerengera kuti kachigawo kamodzi ka shuga, katafinyidwa kotheratu, kangapereke tizigawo 12 ta hayidirojeni. Koma chibadwa cha mabakiteriyawa sichiwalola kupitirira 4, ndipo m'mathanki enieni kawirikawiri apereka 2 kapena kuchepera apo. Ngakhale zonse zitayenda bwino, magawo awiri mwa atatu a mphamvu atsala m'madzi owawasa aja. Alipo mabakiteriya ena ofiirira amene angathe kumaliza zotsalazo mothandizidwa ndi dzuwa, koma iwo afuna ziwiya zagalasi zotambalala ndi chisamaliro cha m'chipinda cha sayansi.

Vuto lachiwiri ndi chakudya cha tizilomboto. Opanga hayidirojeni ndi osankha: akonda shuga ndi ufa, ndiko kunena chinangwa, mbatata, chimanga, madeya, nthochi ndi madzi a nzimbe. Ndowe siziwathandiza kwenikweni, pakuti ng'ombe inadya kale zokoma zake. Mapesi ndi mankhusu a mpunga, zimene ziunjikana pa zigayo za m'chigwa cha Chilwa, nzolimba. Kuti mabakiteriya azilowe ziyenera kuyamba zaphikidwa kapena kunyikidwa m'mankhwala, ndipo mphamvu yotayika pokonzapo ingathe kuposa yokolola. Apa ndi pamene munthu wa Boma ayenera kuuma khosi. M'mwezi wa Malichi 2024 maboma 23 mwa 28 a dziko lino analengezedwa kuti ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, patangopita chaka chimodzi namondwe wa Freddy atasakaza Chigawo cha Kummwera. M'dziko lotere chinangwa ndi cha mwana, madeya ndi a nkhuku, ndipo m'chaka cha njala madeya omwewo abwerera m'mbale ya munthu. Ntchito iliyonse yotenga chakudya kukadyetsa thanki iyenera kubwezedwera pa khomo la ofesi. Kumene zotsala zotsekemera zipezeka zambiri popanda kulanda munthu ndi kumafakitale a shuga, a ethanolo ndi a mowa. Ngati hayidirojeni wa tizilombo adzapindule m'Malawi, adzayambira kumeneko.

Ndipo mpweyawo utapezeka, kuusunga ndi nkhani ina. Ukayezedwa pa sikelo, kilogalamu imodzi ya hayidirojeni ili ndi mphamvu pafupifupi katatu kuposa kilogalamu ya petulo, ndipo chiwerengero chimenechi ndicho okonda mpweyawu athamangira kutchula. Chimene satchula nchakuti palibe mpweya wopepuka kuposa umenewu: thumba lodzala hayidirojeni lili ndi mphamvu yosakwana gawo limodzi mwa atatu a thumba lomwelo lodzala metheni. Magalimoto oyendera mpweyawu ku Japan, ku Korea ndi ku California aupanikiza m'masilinda olimba ka 700 kuposa mphepo ya panja. Udutsa m'timing'alu timene mpweya wina sungadutse; ulibe fungo; lawi lake masana silioneka; ndipo uyaka ukasakanikirana ndi mphepo kuyambira magawo 4 mpaka 75 pa 100. Chombo cha mumlengalenga cha Hindenburg, chimene chinapsa pa Lakehurst ku America mu 1937, chinali chodzazidwa ndi mpweya umenewu. M'fakitale, momwe muli amisiri ndi zida zochenjeza, zonsezi zili ndi mankhwala ake. Koma khitchini ya udzu, momwe mwana akwawa pafupi ndi mafuwa, si fakitale.

Sikuti dziko la Malawi lilibe naye ntchito hayidirojeni. Lili nayo yaikulu, koma ili kumunda, osati kukhitchini. Mu 2023 dziko lonse lapansi linagwiritsa ntchito matani pafupifupi 97 miliyoni a mpweyawu, makamaka poyenga mafuta ndi popanga feteleza, ndipo pafupifupi wonse unachokera ku gasi wa pansi pa nthaka, malasha ndi mafuta. Thumba lililonse la yureya limene mlimi wa mpunga wa ku Likangala kapena ku Domasi athira linayamba ngati hayidirojeni wolumikizidwa ndi nayitirojeni wa mumphepo. Amalawi amene anakhala ku Zimbabwe akumbukira fakitale ya Sable pafupi ndi Kwekwe, imene kuyambira 1972 inkang'amba madzi ndi magetsi a ku Kariba kuti ipeze hayidirojeni wa feteleza, mpaka makinawo anaimitsidwa mu 2015 chifukwa cha kuchepa kwa magetsi. Namibia nayo inayala mapulani aakulu opanga mpweyawu ndi dzuwa ndi mphepo ya m'chipululu chake. Koma awerengi aone kuti kuwiri konseku hayidirojeni achokera ku magetsi ochuluka, osati ku tizilombo. Wa kuwoletsa uja akadali m'zipinda zofufuzira ndi m'timafakitale toyesera, ngakhale m'maiko olemera. Ndipo chimene olemera akadachiyesa ndi ndalama zawo, mudzi wa kunyanja usachiyese ndi njala yake.

Nanga dzenje la bayogasi lisiyana bwanji? Lisiyana pakuti silithamangitsa aliyense pa mphasa. Magulu onse adya mpaka kumapeto, ndipo chotuluka ndi mpweya umene magawo ake 50 mpaka 70 pa 100 ndi metheni. Mmisiri wa njerwa amanga chithanki chozungulira pansi pa nthaka, cha denga longa mbiya yovundikira, chokhala ndi polowetsera, potulutsira, ndi paipi yopita ku mbaula. Ndowe zisakanizidwa ndi madzi mulingo wofanana, nkumathiridwa tsiku ndi tsiku. Kilogalamu imodzi ya ndowe zaziwisi za ng'ombe ipereka malita pafupifupi 40 a mpweya. Kotero makilogalamu 25, amene ng'ombe ziwiri kapena zitatu zodyera m'khola zisiya pa tsiku, apereka malita 1,000, okwana kuyatsa mbaula imodzi maola awiri kapena kupitirirapo pang'ono. Tizilomboti tikonda kutentha konga kwa thupi la munthu, ndipo chigwa cha Chilwa, chimene otsika kuphiri adandaula nacho m'mwezi wa Okutobala, pa ichi chokha nchodala. Phala lotuluka kuseri ndi manyowa okhwima, oyenera kudimba ndi m'munda wa mpunga.

Izi si za m'buku. Ku China ndi ku India mabanja mamiliyoni ambiri aphikira mpweya umenewu. Ku Rwanda ndende zikuluzikulu zinalumikiza zimbudzi zake ku mathanki otere kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, nkhuni zogula nkutsika kwambiri. M'dziko muno ndende ya Mulanje inamangiridwa thanki yotere, ndipo pa msika wa Tsangano ku Ntcheu, pamene zotsala za kabichi, mbatatesi ndi tomato zinkangowola pansi, akatswiri a sukulu ya MUST anamanga ina yosandutsa zinyalalazo mpweya.

Kwa Kuntumanji chakudya cha thanki sichisowa: ndowe, matumbo a nsomba pa madoko, zinyalala za m'misika, zimbudzi za sukulu. Za zimbudzizi nzofunika kuzitsindika. Asodzi amene akhala miyezi pa zimbowera, timisasa toyandama ta pakati pa njedza, amwa madzi omwe adzithandiziramo, ndipo kolera wakhala mlendo wa kawirikawiri kunyanjako. Mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Chimbudzi cha pa doko cholumikizidwa ku thanki yotseka chigwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, malinga thankiyo imangidwe pamtunda pamene madzi osefukira safika, ndipo phala lotulukalo liyambe lasungidwa pa nkhuti miyezi ingapo lisanayandikire ndiwo zamasamba.

Koma walira mvula walira matope. Bayogasi naye ali ndi manda ake. M'maiko ambiri a mu Africa muli mathanki amene anatsegulidwa ndi nyimbo ndi nthungululu, amene lero agona achule. Ndipo imfa yake ikhala yofanana. Denga linang'aluka, mmisiri wolikonza ali kutauni. Paipi inadzala madzi, ndipo palibe anauzidwa kuti ifuna kukhetsa. Mjigo unauma m'chilimwe, ndipo mayi amene ayenda mtunda kukatunga madzi akumwa sangasenze ndowa zina ziwiri zosungunulira ndowe. Ng'ombe zidya kudambo usana wonse, ndowe nkumwazika komweko. Bungwe lopereka thandizo linapita, komiti inabalalika. Pamwamba pa zonsezi, mabanja ambiri a m'chigwa alibe ng'ombe ngakhale imodzi, ndipo mtengo wa simenti suwalola kulota za thanki. Wolonjeza bayogasi pakhomo lililonse alonjeza chimene sadzakwanitsa.

Poyambira pabwino ndi pamene anthu asonkhana tsiku ndi tsiku: sukulu zogonera komweko, sukulu zophikira ana phala, zipatala zazing'ono, misika ndi madoko. Kumeneko zonyansa sizitha, ndipo nkhuni zigulidwa ndi ndalama zolembedwa m'buku, kotero phindu kapena kulephera kwake kudzaoneka m'buku lomwelo. Koma thanki iliyonse ikhale ndi mwini ntchito wodziwika ndi dzina, wolandira kangachepe kochokera pa ndalama za nkhuni zimene zapulumuka. Pakuti chinthu cha aliyense chilibe woweta. Ndipo khonsolo isanavomereze njerwa yoyamba, ifunse ngati m'deralo muli mnyamata kapena mtsikana wodziwa kumata denga losadontha mpweya. Sukulu za ntchito zamanja monga Nasawa zili m'boma la Zomba lomweli, ndipo luso limeneli nloyenera kuphunzitsidwa pamodzi ndi kumanga nyumba.

Padzakhala ena onyansidwa, amene adzati sangadye nsima yophikidwa ndi mpweya wa kuchimbudzi. Anthu otere asasekedwe. Kwa Asilamu ndi Akhristu a m'derali, monganso pa mwambo wa makolo, ukhondo wa chakudya si nkhani yocheza. Chowona nchakuti chofika pa mphika ndi lawi lokha, ndipo lawi silinyamula matenda. Koma chowona chimenechi chimveka bwino chikachokera kwa mfumu, shehe ndi mbusa amene anakaona okha. Pamene mtima wa anthu sunakhazikike, thanki ya ndowe ndi masamba iphikire chakudya, ya chimbudzi iwiritse madzi ochapira pa chipatala.

Zinthu ziwiri zisabisidwe. Choyamba, bayogasi sawamba mlamba, pakuti kuwamba kufuna utsi. Pa ichi mankhwala ake ndi mauvuni osatha nkhuni ndi nyumba zoumitsira nsomba ndi dzuwa, zonga zimene amayi a pa Kachulu anaphunzitsidwa m'ntchito yothandiza chigwa cha Chilwa pa kusintha kwa nyengo, imene inayamba mu 2010. Chachiwiri, pasapezeke munthu woyang'ana njedza nkuona chakudya cha thanki, cha hayidirojeni kapena cha metheni. M'njedzamo ndi m'mene nsomba ziswana, ndi m'mene mbalame za m'madzi zimanga zisa; nchifukwa chake kuyambira 1997 dambo la Chilwa lili pansi pa pangano la maiko la Ramsar. Kumweta njedza pofuna kupulumutsa mitengo ndi kugwetsa nkhokwe kuti upeze nkhuni.

Nanga hayidirojeni atayidwe? Iyayi. Malo ake ndi pa tebulo la ofufuza, ndipo ofufuzawo sali kutali: sukulu ya University of Malawi ili mu mzinda wa Zomba, makilomita pafupifupi 30 kuchokera kunyanja, ndipo MUST ndi MUBAS zili m'chigawo chomwechi. Madzi a Chilwa ali ndi mchere, ndipo tizilombo tozolowera matope otere ndi toyenera kudziwidwa ndi ana a dziko lino, alendo asanatitenge kukatipatsa maina kwawo. Chinanso, njira imene akatswiri ambiri aiona kuti ili ndi tsogolo ndi ya mathanki awiri otsatana: yoyamba, yaing'ono, itulutsa hayidirojeni, madzi ake owawasa apita ku yachiwiri, imene imaliza ntchito nkutulutsa metheni, mipweya iwiriyo ikasakanizidwa iyaka bwino. Thanki yachiwiriyo si ina ayi, ndi dzenje la bayogasi lomwe lija. Kotero sukulu yomanga dzenje lake chaka chino siluza kanthu. Tsiku limene ofufuza adzakhutira, adzangowonjezera chipinda kutsogolo kwake. Pakadali pano, wina akafika pa ofesi ya Bwanamkubwa ndi zithunzi zokongola za hayidirojeni wa kumudzi, afunsidwe mwaulemu kuti tizilombo take tidzadya chiyani, kilogalamu imodzi ya chakudyacho ipereka malita angati, chikathyoka adzakonza ndani, ndi kuti makina otere amene agwira ntchito zaka zitatu osaima angakaonedwe kuti.

Aphunzitsi a sayansi angathe kuonetsa ana zonsezi osadikira thandizo. Atenge mabotolo awiri apulasitiki. M'loyamba athire ndowe zaziwisi ndi madzi. M'lachiwiri ndowe zowiritsa nkuzizira, madzi ndi supuni ziwiri za shuga. Pakamwa pa lililonse amangepo chibaluni, mabotolowo nkuwaika pamalo ofunda, panja, kutali ndi moto. La ndowe zophika lidzatupitsa chibaluni chake m'masiku awiri kapena atatu, kenaka nkuima, madzi ake atasasa. Umenewo ndi hayidirojeni wosakanikirana ndi kaboni dayokisaidi. La ndowe zaziwisi lidzachedwa milungu iwiri kapena itatu lisanagwire bwino, koma lidzapitiriza kwa mwezi kapena kuposa. Ana aziyeza chibaluni ndi chingwe m'mawa uliwonse nkulemba m'kope, ndipo pasakhale woyandikira ndi machesi.